Akuti pa Ulongwe ndi posakanikirana. Tiyeni tiwerenge

Aphunzitsi anzanga, makolo, ndi nonse amene mumawerenga tsamba lino, pali mawu amene ndatopa nawo. Chaka chilichonse nthawi yolembetsa ana a primeira classe ikafika, mawuwa amatuluka ngati ngumbi za mvula yoyamba. Akuti maphunziro a zilankhulo ziwiri, ensino bilingue, ndi a kumidzi, ku Domwe uko kapena ku Lifidzi, koma pa vila pano sangatheke chifukwa anthu ndi osakanikirana. Akuti pa Ulongwe pali Anyungwe, Asena, Amakua, Achangana, ndiye tikasankha Chinyanja tapondereza anzathu. Bola Chipwitikizi, chifukwa icho si cha munthu aliyense.

Amene amanena zimenezi si anthu wamba. Ndi anthu a mataye. Ena ndi akuluakulu a sukulu, ena ndi aphunzitsi amene akafika pakhomo madzulo amakalipira ana awo m'Chinyanja chosasakaniza n'kanthu. Ndiye popeza iwo ayamba kuwerenga mitundu ya anthu, tiyeni tiwerenge nawo, koma tiwerenge bwino.

Tiyambe ndi msewu, pakuti chilankhulo sichigwa ndi mvula, chimabwera ndi mapazi ndi matayala. Pa Ulongwe palibe njanji. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa kutali kum'mwera kwathu, kulowa m'Malawi kupita ku Nacala, ndipo sizitsitsa munthu kuno. Ife tili ndi msewu waukulu umodzi wa tala, N304, umene umapatuka pa N7 pa Mussacama, n'kukwera mapiri, n'kudutsa pakati pa vila mpaka pa Calómuè, pamene dziko lathu lathera ndi kuyamba Dedza. Kuchoka pano kupita ku Tete, likulu la chigawo chathu, ndi makilomita opitirira 200. Kupita ku Dedza sakwana 50. Lilongwe ili pafupi ndi ife kuposa Tete. Za Maputo tisanene, kuchokera pa Tete pomwepo patsala makilomita opitirira 1500. Kum'mawa kwathu msewu wa M1 wa Malawi umayenda motsatira malire, moti pa Lizulu mayi amagula tomato m'dziko lina n'kuwoloka msewu kukagula mchere m'dziko lina, chenji akulandira mu kwacha kapena mu metical, malinga ndi zimene wogulitsa ali nazo m'thumba.

Msewu umenewu uli ndi mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse imabweretsa zake. Kuchokera ku Tete kumabwera makalata a boma, mayeso, anthu osamutsidwa pa ntchito, nsomba zouma, ndi ogula mbatatesi, kabichi, nyemba ndi chimanga. Kuchokera ku Dedza kumabwera nyimbo, wailesi, maliro a abale, maukwati, alaliki, ndi katundu wa pa msika. Mbali imodzi imalankhula Chipwitikizi ndi Chinyungwe, mbali inayo imalankhula chilankhulo chomwechi chimene ndikulemba. Pakati pake pali midzi ya Angónia yodzaza ndi anthu, limodzi mwa maboma okhala ndi anthu ambiri m'chigawo chonse cha Tete, ndipo anthu ake amabwera pa vila m'mawa uliwonse pa njinga, pa taxi-mota ndi wapansi.

Tsopano pitani mukaime pa paragem kwa ola limodzi. Musalankhule, ingomverani. Mnyamata woitanira anthu m'machapa akuitana agogo m'Chinyanja, mwaulemu wake wonse. Atembenuka, akukangana ndi wamalonda wa ku Tete m'Chinyungwe za mtengo wa matumba. Wapolisi akafika, mnyamata yemweyo akuyankha m'Chipwitikizi. Wina wochokera ku Lilongwe akafunsa njira, amuponyera mawu awiri atatu a Chingerezi. Ndalama za mayiko awiri akuzisintha m'mutu popanda pepala. Anyamata ambiri otere sukulu anaisiyira panjira, ndipo aphunzitsi awo ankati mitu yawo ndi youma. Mutu wouma ungasunge zilankhulo zinayi? Chimene chinauma ndi njira imene tinawaphunzitsira.

Ndipo mukamvetsera bwino pa paragem pomwepo mudzaona chinthu chimene anthu a mataye safuna kuona. Zilankhulo n'zambiri, inde, koma sizilemera mofanana. Msena ndi Mlomwe akakumana pa msika wa Ulongwe n'kufuna kutsitsa mtengo wa thumba la mbatatesi, onse awiri amayesa Chinyanja, chifukwa mwini thumba ndi wa kuno. Wamalonda wochokera kutali amene watsegula sitolo pano, miyezi ingapo ikapita amakhala akudziwa kunena kuti "bwerani amayi", "yatsala imodzi", "ngongole ayi". Palibe nduna imene inamulamula. Tawuni yosakanikirana imasankha yokha chilankhulo chokumanirana, ndipo yathuyi inasankha kalekale. Sukulu yokha ndiyo imachita ngati sinamve.

Za kuchuluka kwa anthu ndivomera kuti vila yakula. Malo amene atsamunda ankawatcha Vila Coutinho anakhala município mu 2008, ndipo kuchokera pamenepo maofesi awonjezeka, mabanki abwera, pali sukulu yophunzitsa aphunzitsi, pali nthambi ya zaulimi ya Universidade Zambeze imene imakoka achinyamata ochokera m'zigawo zina. Zonsezi n'zoona ndipo n'zabwino. Koma wophunzira wa ku yunivesite wochokera ku Nampula sakhala pa benchi la primeira classe. Amene amakhala pa benchi limenelo ndi mwana wa zaka 6 wa mu bairro, ndipo ma bairro athu adzaza ndi mabanja ochokera m'midzi yozungulira, amene anasendera kufupi ndi msika, chipatala ndi magetsi. Ana a ogwira ntchito m'boma ochokera kutali alipo, ndawaphunzitsapo, koma m'kalasi mukhoza kuwawerenga ndi zala, ndipo ambiri mwa iwo nthawi yopuma mudzawapeza akuthamangitsa mpira wa mapepala akukuwa m'Chinyanja kuposa eni ake.

Amene akutsutsa abwere ndi ziwerengero. Kalembera wa dziko lino amafunsa munthu chilankhulo chimene anayamba nacho kulankhula, chimene amalankhula kawirikawiri pakhomo, ndiponso ngati amadziwa Chipwitikizi. Wa 2017 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse m'Mozambique, pafupifupi 17 okha ndiwo anayamwa Chipwitikizi. Pafupifupi 26 anayamwa Chimakua, ndipo 8 anayamwa Chinyanja. Ndiye kuti chilankhulo chathu chili pa nambala 4 m'dziko lonse, pambuyo pa Chimakua, Chipwitikizi ndi Chichangana. Anthu 17 amenewo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Kodi wina angaimirire n'kunena kuti pa Ulongwe pokha ndi pamene anachulukana mpaka kuposa eni nthaka?

Apa ndi pamene pali bodza lalikulu, lakuti Chipwitikizi si cha munthu aliyense, kotero sichikondera. Ndi cha anthu ena ndithu. Ndi cha mwana wa adokotala, wa a ku banki, wa a administração, amene anachiyamwa kwa mayi ake ndipo amaonera nacho zojambula pa televizioni. Mwana ameneyo, tsiku loyamba kulowa m'kalasi, amaphunzira m'chilankhulo cha mayi ake. Iye ali kale pa maphunziro amene ife tikupempha. Palibe amene amati akuchedwetsedwa, palibe amene amati akutsekeredwa tsogolo. Amakhoza, timamuombera m'manja, timati ndi wanzeru. Mnzake wa pambali pake, mwana wa mayi wogulitsa mandasi, akumva phokoso lokhalokha kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka. Amaphunzira msanga luso limodzi: kuyang'ana milomo ya anzake n'kubwereza. Mphunzitsi akafunsa "Entenderam?" kalasi yonse imayankha "Siiim!" ngati mpingo ukuyankha amen. Tonse timadziwa kuti "sim" ameneyo mulibe kanthu. Ndiye musatiuze kuti mukupewa kukondera. Mwasankha kale amene mukumukondera, kungoti ndi mwana wanu.

Nanga mwana wa Mnyungwe kapena wa Msena? Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndimalilemekeza likachokera kwa kholo lake, osati kwa munthu amene akungobisalirako. Tiyeni tione. Mwana wa ku Tete amati madzi, nyumba, mwana, moto. Wa ku Mutarara amati madzi, nyumba, mwana, moto. Ife timati chiyani? Zomwezo. Buku la Chipwitikizi likuti água, casa, criança, fogo. Mwa njira ziwirizi, yaifupi kwa mwana ameneyo ndi iti? Sindikunena kuti Chinyungwe ndi Chinyanja ndi chimodzi, Anyungwe angandikalipire ndipo angakhale akulondola. Ndikunena kuti ndi zilankhulo za pachibale, ndipo mwana wa zaka 6 amawoloka kamtsinje kameneka m'masabata ochepa, pamene nyanja ya Chipwitikizi imamutengera zaka. Kwa mwana amene kwawo amalankhula Chipwitikizi chokha, kapena amene makolo ake adzasamutsidwanso chaka chamawa, njira ilipo ndipo si yovuta. Sukulu za pa vila zili ndi ma turma angapo a primeira classe. Imodzi ikhale ya Chipwitikizi chokha, zinazo za zilankhulo ziwiri, makolo asankhe atauzidwa zoona. Chimene ndikukana ndi chakuti ana ochepa akhale chifukwa chotsekera pakamwa ana onse.

Pali mawu ena amene sanenedwa pa msonkhano koma amanenedwa pa mowa: chilankhulo chimenechi ndi cha ku Malawi. Awa ndiwo amandipweteka kwambiri, chifukwa ana athu amawamva n'kuwakhulupirira. Mwana wa ku Angónia akapita ku sekondale ku Tete kapena ku Beira amatchedwa Mmalawi, ndipo amayamba kubisa lilime lake ngati chilonda.

Malire amene ali pa Calómuè anagwirizana ndi Apwitikizi ndi Angerezi mu 1891. Chilankhulo chinali pano kale. Mafumu a Amaravi analamulira dziko lino malire asanalotedwe, ndipo likulu la Undi, ku Mano, linali mbali ino, m'dera limene lero ndi chigawo cha Tete. Gule Wamkulu atalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, analembedwa m'dzina la mayiko atatu, Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ku Malawi dzina lakuti Chichewa analikhazikitsa mu 1968, kale konse nakonso ankati Chinyanja monga timanenera ife ndi anzathu a ku Zambia. Ngakhale atsamunda, amene sankatikonda, ankadziwa kuti chilankhulochi ndi cha kuno: ansembe a Chijezuiti, omwe anakhala pa Lifidzi kwa zaka zambiri, anasindikiza dikishonale ya Cinyanja ndi Chipwitikizi ku Lisboa mu 1963. Lisboa inavomera, koma mwana wa pa Ulongwe amene wavala taye akukana.

Ndipo dzina la boma lathu likutiphunzitsa kanthu. Angónia ndi dziko la Angoni. Angoni a Maseko anachokera kum'mwera ndi chilankhulo chawo, ndi zishango ndi mikondo, nadzakhazikika pa phiri la Domwe. Anagonjetsa anthu, koma ana awo analeredwa ndi amayi a kuno, ndipo anakula akulankhula chilankhulo cha amayiwo. Lero Chingoni chatsala m'nyimbo za ngoma, m'ziwongo, ndi m'mawu monga inkosi ndi nduna. Sindikunena izi mokondwa, kutha kwa chilankhulo ndi maliro. Ndikunena kuti dera lino linaona kale kusakanikirana kwakukulu kuposa kwa lero, ndipo chimene chinapambana mikondo ndi chilankhulo cha pa msana pa mayi.

Kenako kunabwera nkhondo. Anthu a kuno ambirimbiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena anakhala kumeneko mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ena mwa iwo anaphunzira a, e, i, o, u m'sukulu za kumeneko. Amenewo lero ndi makolo ndi agogo a ana amene ndikuphunzitsa. Amawerenga Baibulo, amawerenga buku la nyimbo, amalemba mauthenga pa foni, amalemba mayina a opereka chipepeso pa maliro, zonsezi m'Chinyanja. Ku Katolika ndi ku Reformada komwe, Lamulungu lililonse anthu amaimirira kutsogolo n'kuwerenga mosadodoma. Koma mwana akabwera ndi ntchito ya kunyumba, kholo lomwelo limati "ine sindinaphunzire", chifukwa pepala lili m'chilankhulo chimene agogo amangochitcha Chizungu. Tili ndi tawuni yodzaza ndi anthu odziwa kuwerenga amene sukulu yawasandutsa mbuli. Mwana wa turma ya zilankhulo ziwiri akabwera ndi buku lake pakhomo, mayi amalitenga, amawerenga, amakonza pamene mwana walakwitsa. Ndaziona ndi maso anga, ndipo palibe pulogalamu ya boma imene ingagule mphunzitsi wachiwiri waulere ngati ameneyo.

(Wina adzafunsa chifukwa chake ndikulemba ch pamene mabuku athu a sukulu amalemba Cinyanja ndi c. Pa tsamba lino ndimatsata zimene ambiri mwazolowera pa foni. M'kalasi ndimatsata kalembedwe kathu ka m'Mozambique. Amene ali ndi Buku Lopatulika lakale la agogo alitsegule, adzapeza c yemweyo. Mwana amene wadziwa kuwerenga sapunthwa pa h mmodzi.)

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti sitikupempha chinthu chachilendo. Pamene dziko lino linkayesa koyamba maphunziro a zilankhulo ziwiri, kuyambira 1993 mpaka 1997, pa ntchito yotchedwa PEBIMO, linasankha zilankhulo ziwiri zokha: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja kuno ku Tete. Ife ndife amene tinalambula njira. Mu 2003 maphunzirowa analowa m'sukulu za boma m'zilankhulo 16. Malamulo aakulu a dziko a 2004, pa ndime 10, amati Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, koma ndime 9 yomwe ili pamwamba pake imalamula boma kulemekeza ndi kutukula zilankhulo zathu ngati chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Lamulo la maphunziro la 2018 nalonso limavomereza njira imeneyi. Ngakhale m'kalasi ya Chipwitikizi chokha, mphunzitsi amaloledwa kugwiritsa ntchito chilankhulo cha ana pofotokoza zimene sizikumveka. Choncho mphunzitsi amene amalanga mwana chifukwa wayankha m'Chinyanja sakutsata lamulo lililonse la dziko lino. Akutsata palmatória imene inamenya agogo ake.

Makolo ena amaopa, ndipo mantha awo ndimawamvetsa. Amati mayeso ali m'Chipwitikizi, ntchito ili m'Chipwitikizi, ndiye mwana wanga mukufuna adzakhale wonyamula matumba pa paragem? Mayi, bambo, mverani. Amene akunyamula matumba lero anaphunzira m'Chipwitikizi chokha kuyambira tsiku loyamba. Njira imeneyo tinaiyesa kwa zaka zambiri, zipatso zake zikuyenda m'misewu. Mu ensino bilingue Chipwitikizi sichichotsedwa. Mwana amachiphunzira kuyambira pachiyambi ngati phunziro, choyamba ndi pakamwa ndi makutu, pamene kuwerenga, kulemba ndi masamu akuzigwira m'chilankhulo chimene akumva. Pang'onopang'ono Chipwitikizi chimatenga malo ambiri mpaka kukhala chophunzitsira. Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha pa moyo wake. Amene wadziwa kuti m ndi a zimapanga ma mu mawu akuti mayi, sadzavutika kupeza ma yemweyo mu mapa kapena mala. Amene sanagwire chinsinsi chimenechi m'chilankhulo chilichonse amafika quinta classe akujambula zilembo ngati maluwa. Ine ndimaphunzitsa zilankhulo zonse ziwiri ndipo Chipwitikizi ndimachikonda. Ndikufuna ana a pa Ulongwe achilankhule bwino kuposa a ku Maputo. N'chifukwa chake ndikukana kuti tiziwamiza m'menemo asanadziwe kusambira.

Mavuto enieni alipo, ndipo akanakhala kuti anthu a mataye amatchula amenewa, tikanakhala pansi limodzi. Mabuku a Chinyanja amabwera mochedwa, nthawi zina ochepa, ana atatu buku limodzi. Msewu womwewo umene umatsitsa mbatatesi zathu kupita ku Tete tsiku lililonse, ukafika pokweza mabuku umakhala wautali modabwitsa. Mphunzitsi wodziwa Chinyanja amatumizidwa kumene ana amalankhula Chinyungwe, wa Chinyungwe amatumizidwa kuno, ngati kuti wogawa ntchito amachita dala. Ena anapatsidwa turma ya zilankhulo ziwiri atangophunzitsidwa masiku ochepa, ndipo chaka chosinthira ku Chipwitikizi chikafika amasowa pogwira. Zonsezi ndi zoona. Koma palibe chimodzi mwa izi chimene chimachokera ku kusakanikirana kwa anthu a pa vila. Zimachokera m'maofesi, ndipo m'maofesi momwemo ndi mmene zingakonzedwe. Kunena kuti "pano ndi posakanikirana" ndi njira yothawira ntchito yoitanitsa mabuku ndi kukangana ndi akuluakulu za kagawidwe ka aphunzitsi.

Pempho langa kwa akuluakulu a sukulu za pa vila ndi laling'ono, silifuna ndalama. Polembetsa ana, mufunse kholo lililonse funso limodzi: mwanayu pakhomo amalankhula chilankhulo chanji? Mufunse m'chilankhulo chimene khololo likumva, ndipo musafunse ndi nkhope yoti yankho lolondola ndi "português", chifukwa anthu athu ndi aulemu, adzakupatsani yankho limene mukulifuna. Lembani m'mphepete mwa pepala. Pomaliza muwerenge, ndipo chiwerengerocho muchiike pakhoma pamene aliyense angaone, muchitengerenso ku conselho de escola. Ngati ana osamva Chinyanja apezeka ochuluka pa sukulu yanu, ine ndidzalemba pa tsamba lomwe lino kuti pa sukulu imeneyo pakufunika njira ina.

Aphunzitsi anzanga a primeira ndi segunda, inu simufunika kudikira chilolezo. Mawa nthawi yopuma tulukani ndi kope, muime pafupi ndi pamene ana akusewera fulaye ndi mpira, mulembe chilankhulo chimene mukumva. Kenako mufunse ana a m'kalasi mwanu mmodzimmodzi. Munditumizire zimene mwapeza, dzina la sukulu ndi la mwana musalembe, bairro yokha ndi chiwerengero. A ku Zóbuè, a ku Furancungo, a ku Milange ndi a ku Metangula, ngati nyimbo ya "posakanikirana" ikuimbidwanso kwanuko, nanunso werengani mutumize.